Cruiser pa Msewu Waukulu: Musanagule Ekizozi, Yambani Mwalimbana ndi Mphepo

Munthu akagula njinga yamoto ya mtundu wa cruiser amakhutira nayo m'tauni. Tsiku limene waitengera pa msewu waukulu, n'kuthamanga makilomita 120 pa ola kwa maola awiri kapena atatu, amabwerako khosi likuwawa, manja atachita dzanzi, m'mutu muli ganizo limodzi lokha lakuti injini yachepa. Ganizo limeneli lalemeretsa ogulitsa maekizozi, ndipo nthawi zambiri limakhala lolakwika.

Kodi cruiser ndi njinga yotani, nanga msewu waukulu umaivuta chifukwa chiyani?

Cruiser inatengera maonekedwe a njinga za ku America za pakati pa zaka za m'ma 1930 ndi 1960, makamaka za Harley-Davidson ya ku Milwaukee, imene inayamba mu 1903, ndi za Indian ya ku Springfield, ya mu 1901. Chishalo chimakhala chammunsi, mapazi amaponda kutsogolo, mahandulo ndi otambalala, ndipo injini kawirikawiri imakhala ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V. Makampani a ku Japan analowerera pambuyo pake: Yamaha inatulutsa Virago mu 1981, Honda inatulutsa Shadow mu 1983. Mpikisano unafika poti m'chaka chomwecho cha 1983 boma la Ronald Reagan linakweza msonkho pa njinga zochokera kunja za injini yopitirira 700cc, ndipo Honda inangochepetsa Shadow yake pang'ono kuti izembe msonkhowo. Kwa amene maso awo anazolowera njinga za kabaza za 125cc kapena 150cc, izi ndi zilombo zina. Zambiri zimalemera makilogalamu oposa 230, ndipo zazikulu zimapitirira 300.

Chimene chimaikongoletsa cruiser ndi chomwecho chimene chimaivutitsa pa liwiro. Wokwera amakhala chilili, manja atatambasula, miyendo ili kutsogolo, chifuwa chonse chikulandira mphepo ngati thanga la ngalawa. Ndipo mphepo siikula mofanana ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri imakukankhani kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti muiboole imawirikiza kasanu ndi katatu. Kungochoka pa makilomita 100 kufika pa 120 pa ola, kukankha kwa mphepo kumakwera ndi 44 peresenti, mphamvu yofunika n'kukwera ndi 73 peresenti. Kukankha konseko kumathera m'khosi, m'mikono ndi m'chiuno mwa wokwera, amene ali chigwirire mahandulo kuti asakankhidwire kumbuyo. Powerengera mwachidule, njinga yotere imafuna mahosipawa 20 mpaka 25 kuti iyende makilomita 120 pa ola pamalo osalala. Choncho injini ya mahosipawa 50 imakhala ikugwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu zake kapena kucheperapo pamene mwini wake watopa kale. Amene amayamba kugonja pa msewu waukulu ndi munthu, ndipo ndalama zosinthira njinga ziyenera kuyambira pamene pakumutopetsapo.

Poyerekeza njinga ziwiri, kodi si kukula kwa injini kumene kumanena zonse?

Ayi, ndipo nambala ya cc yasocheretsa ogula ambiri. Harley-Davidson Iron 883 ili ndi injini yaikulu kuposa Kawasaki Vulcan S ya 649cc, koma Vulcan S imatulutsa mahosipawa pafupifupi 60 pamene 883 imathera cha pa 50. Vulcan S ndi yopepukanso ndi makilogalamu oposa 20, ili ndi magiya asanu ndi limodzi pamene 883 ili ndi asanu, ndipo injini yake, imene anaitenga ku Ninja 650, imaziziritsidwa ndi madzi. Indian Scout imene inabwerera pamsika mu 2015 inali ya 1,133cc koma inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 100, nambala imene injini ya Harley ya Milwaukee-Eight 107, ya 1,745cc, siifikapo ikamatuluka kufakitale. Izi sizikutanthauza kuti injini yaikulu ndi yachabe. Imakoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zimakoma pokwera chitunda mutanyamula mnzanu ndi katundu. Kungoti cc imanena kukula kwa masilinda basi, siinena mmene mudzamvere pa ola lachitatu.

Funso lofunika kufunsa ndi lakuti, njingayi ikakhala pa giya yomaliza pa liwiro limene ndidzayendere, injini imazungulira kangati pa mphindi, nanga imanjenjemera bwanji? Njinga zambiri zapakatikati, monga Honda Shadow 750, Yamaha V Star 650, Suzuki Boulevard C50 ndi Kawasaki Vulcan 900, zili ndi magiya asanu, ndipo eni ake amadziwa bwino chizolowezi chija chofunafuna ndi phazi giya yachisanu ndi chimodzi imene kulibe. Harley yokha inaona vutoli n'kuika magiya asanu ndi limodzi pa njinga zake za Dyna mu 2006, kenako pa njinga zake zina zikuluzikulu mu 2007, koma Sportster yakale, gulu limene muli Iron 883 ija, inakhala ndi asanu mpaka kutha kwake. Wogula yogwiritsidwapo kale ntchito ayang'anenso chaka. Sportster yopangidwa chisanafike chaka cha 2004 injini yake anaimangirira ku chitsulo cha njinga popanda labala pakati, moti kunjenjemera konse kumafika m'manja ndi m'mapazi. Kuyambira mu 2004 anaikhazika pa labala, ndipo pa msewu waukulu kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa kumene ekizozi iliyonse ingabweretse.

Palinso thanki, imene anthu amaiiwala chifukwa siilira. Harley-Davidson Forty-Eight ili ndi thanki ya malita 7.9, yokongoladi, koma imakukakamizani kuyamba kusakasaka pothirira petulo musanayende n'komwe makilomita 150. Vulcan 900 imanyamula malita 20. Pa ulendo wa tsiku lonse, njinga imene siima pafupipafupi imafika msanga kuposa yothamanga imene imaima pa pampu iliyonse. Chomaliza n'chimene chimazunguza tayala lakumbuyo, kaya ndi tcheni, lamba kapena shafiti. Shafiti siifuna kuisamala kwambiri, lamba amakhalitsa ndipo sadetsa, tcheni chimafuna mafuta ndi kuchikunga kawirikawiri. Koma kwa amene akuganiza zodzasintha magiya, tcheni chonyozekacho ndicho chili ndi mwayi.

Ndiye choyamba kusintha n'chiyani?

Galasi lotchinga mphepo. Palibe chipangizo china cha mtengo wofanana nalo chimene chimasintha ulendo ngati limeneli, chifukwa limachotsa katundu pachifuwa n'kumasula manja kuti azingowongolera. Koma galasi lili ndi malamulo ake. Nsonga yake ifike cha pamphuno kapena pakamwa pa wokwera atakhala mmene amakhalira masiku onse, kuti aziyang'ana pamwamba pake. Likatalika n'kumayang'anira m'kati mwake, mvula, fumbi ndi tizilombo tophwanyikirapo usiku zimamutseka m'maso. Likakhala pa msinkhu wolakwika limaswa mphepo n'kuiponyera pa helemeti mozungulirazungulira, mutu n'kumagwedezeka mpaka zikwangwani za pamsewu osawerengeka. Nthawi zina mphepo yovutayo imachokera kunsi, kudzera m'mbali mwa thanki, ndipo timagalasi tiwiri tating'ono toika m'munsi mwa lalikulu timathetsa zimene galasi lotalika lalephera. N'chifukwa chake ndi bwino kugula loti mungathe kulikweza, kulitsitsa ndi kulipendeketsa.

Wina anena kuti galasi lalikulu limawonjezera malo amene mphepo ikugunda, ndiye limabweza njinga m'mbuyo. Pa njinga yaing'ono zimenezi n'zoona ndithu, ndipo chigalasi chachikulu ngati chitseko pa injini ya 350cc chimadya liwiro. Ndiponso galasi lomangirira ku mahandulo limapatsira mahandulowo kukankha konse kwa mphepo ya m'mbali, imene imabwera mwadzidzidzi mukamadutsana ndi thiraki. Harley imagulitsa njira zonse ziwiri: Street Glide chishango chake chotchinga mphepo chimakhota limodzi ndi mahandulo, potsatira kapangidwe kamene kanayamba pa Electra Glide mu 1969, pamene cha Road Glide anachimangirira ku thupi la njinga, mahandulo n'kutsala omasuka. Mkangano wa okonda ziwirizi sutha, koma phunziro lake kwa mwini njinga yopepuka ndi lakuti asankhe galasi lapakatikati, lokwanira kutchinga chifuwa.

Pambuyo pa galasi pabwere chishalo, zopondera ndi mahandulo. Zopondera za kutsogolo kwambiri zimapinda msana ngati uta n'kuika kulemera konse pa fupa la kumapeto kwa msana, ndipo simungathe kudzuka pang'ono pa chishalo mukaona dzenje. Zopondera za pakati, kapena zafulati zimene zimalola phazi kusuntha, zimathandiza kwambiri, monganso kotsamira msana. Kawasaki inazindikira zimenezi moti Vulcan S amaigulitsa ndi zopondera, chishalo ndi mahandulo zosinthika malinga ndi msinkhu wa munthu. Mahandulo aatali aja okweza manja kupitirira mapewa amaoneka bwino pa chithunzi, koma pa msewu waukulu amatambasula thanga lija kuposa kale, manja n'kumachita dzanzi. Ndipo chotsika mtengo kuposa zonse ndi timapulagi ta m'makutu. Mkokomo wa mphepo m'helemeti pa liwiro lotere umapitirira madesibo 90, umatopetsa, ndipo pakapita zaka umagonthetsa.

Anthu amati kusintha sipuloketi kumachepetsa kulira kwa injini. N'zoona?

N'zoona, koma mumalipira kwina. Pa njinga ya tcheni, mukachotsa sipuloketi yakutsogolo ya mano 15 n'kuika ya 16, injini imazungulira mocheperako ndi pafupifupi 6 peresenti pa liwiro lomwelo. Imene inkazungulira ka 5,000 pa mphindi imatsika kufika cha pa 4,700, ndipo nthawi zina kutsika kochepa kotereku n'kokwanira kuichotsa pamene imanjenjemera kwambiri. Kachitsulo kameneka n'kotsika mtengo, makaniko amakasintha mosavuta, ndipo kakapanda kukukomerani mumabwezera kakale. Pa njinga ya lamba zimathekanso koma mtengo wake ndi wokwererapo. Pa ya shafiti, monga V Star 650 kapena Boulevard C50, njira yophweka palibe, ndipo chimenechi n'choyenera kuchidziwa musanalipire.

Choipa cha kusintha sipuloketi ndi chakuti mphamvu yokokera pa tayala imatsika ndi 6 peresenti yomweyo pa giya iliyonse. Ponyamuka njinga imachedwa, ndipo popitirira galimoto mungafunike kutsitsa giya pamene kale simunkatsitsa. Amene amaganiza kuti sipuloketi yaikulu iwonjezera liwiro lomaliza amakhumudwa, chifukwa pa cruiser yaing'ono chimene chimaika malire ndi mphepo, ndipo injini yopanda mphamvu yokoka giya yotalikayo imatha kuthamanga pang'ono kuposa kale. Kumbukiraninso kuti njinga zimene zimawerenga liwiro kuchokera m'giyabokosi zimayamba kuonetsa nambala yotsika kuposa liwiro lenileni, ndipo wapolisi wa pamsewu samva nkhani ya mano a sipuloketi. Dzino limodzi ndi lokwanira. Awiri ndi a munthu amene injini yake ili ndi mphamvu zotsala.

Nanga ekizozi, sefa ya mpweya ndi kukonza kompyuta ya injini, zimene aliyense amayambira?

Zitatuzi, zimene okwera Harley amazitcha Stage 1, zimawonjezeradi mphamvu zikachitidwa pamodzi ndiponso mwaluso. Funso ndi lakuti mphamvuyo imabwera pati. Mpweya wolowa ndi kutuluka momasuka umathandiza kwambiri injini ikamazungulira pamwamba mutapotokola mafuta onse, pamene ulendo wa pa msewu waukulu umayendedwa mafuta ali otsegula pang'ono chabe. Ekizozi yongoboola, yopanda chotsekereza phokoso, imatha kuchepetsa mphamvu yokokera pakatikati, pamene mumayendera tsiku lonse. Choipa kwambiri ndi kusintha ekizozi ndi sefa n'kusiya kathiridwe ka petulo mmene kanalili. Mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, injini imatentha kwambiri, ndipo yoziziritsidwa ndi mphepo ilibe madzi oti aipulumutse. Phokoso limene limasangalatsa kwa mphindi khumi m'tauni limasanduka mng'ung'udzo wosatha m'mutu pakatha maola atatu. Mumakhala mwagula kutopa ndi ndalama zanu.

Nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo. Mu 2016 Harley-Davidson inavomera kulipira chindapusa cha madola 12 miliyoni ku boma la America chifukwa cha tizipangizo pafupifupi 340,000 tosinthira kompyuta ya injini, timene bungwe loteteza chilengedwe la EPA linati tinkachititsa njinga kutulutsa utsi wopitirira muyeso. M'mayiko ambiri kusintha kotere kumatha kukusowetsani chonena kwa kampani imene inakugulitsani njinga kapena kwa a inshuwalansi ngati simunawauze.

Pali kusintha kwa injini kumene ndimakulemekeza, chifukwa kumayankha vuto lenileni. Sportster 883 ndi 1200 zimasiyana makamaka kukula kwa masilinda ndi mapisitoni, moti 883 imatha kukulitsidwa kufika pa 1200 popanda kugula injini ina, ndipo pamenepo mphamvu yokokera imakwera pa liwiro lililonse. Ikatero imathanso kukoka giya yotalikirapo, zinthu ziwirizo n'kuthandizana. Malo amene mumakhala nawonso ali ndi gawo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo njinga yochokera ku Durban ikakwera msewu wa N3 imafika itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zake. Ya kompyuta imadzikonzera yokha kathiridwe ka petulo, koma ya kabuleta imayamba kumwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupeza. Pamenepo kukonza kabuleta ndi kubwezera njinga m'chimake, ndipo n'koyenera.

Koma amati ekizozi yaphokoso imapulumutsa moyo, popeza oyendetsa galimoto amakumvani.

Ekizozi imaloza kumbuyo, ngozi zambiri zimachokera kutsogolo. Kafukufuku wa Harry Hurt wa ku University of Southern California, amene anatuluka mu 1981 atafufuza ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles, anapeza kuti zoposa zitatu mwa zinayi za zinthu zochititsa ngozi zinali kutsogolo kwa wokwera, ndipo ngozi yofala inali ya galimoto yokhota modutsa pamaso pa njinga dalaivala asanaione. Munthu amene ali m'galimoto yotseka mawindo, wailesi ikulira, amamva ekizozi yanu mutamupitirira kale. Nyale yowala bwino, jekete looneka patali ndi hutala yamphamvu zimaloza kumene kuli vuto. Amene amamva bwino ekizozi ndi aneba anu m'mamawa.

Masipuling'i, matayala ndi mabuleki zikukhudzana bwanji ndi liwiro?

Ndi zimene zimachititsa kuti liwiro likhale lotheka kulisunga. Cruiser ili ndi mwayi umodzi wobadwa nawo: ndi yaitali, ndipo mafoloko ake anapendekera kutsogolo pafupifupi madigiri 30 pamene a njinga za mpikisano amakhala cha pa 24, choncho pa msewu wowongoka imakhazikika bwino. Koma kuti chishalo chikhale pansi opanga amafupikitsa masipuling'i akumbuyo. Pa Iron 883 tayala lakumbuyo limasuntha masentimita osakwana 5, kutanthauza kuti mukagunda polumikizira mlatho pa makilomita 120, chotsala chonse chimalandiridwa ndi msana wanu, ndipo tayala limadumpha n'kusiya phula kwakanthawi. Masipuling'i abwino, otalikirapo pang'ono ndi ochunidwa molingana ndi kulemera kwanu, amakonza zonse ziwiri. Amene amatsitsanso njinga kuti ioneke yogwada amachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo zopondera zimayamba kukhula phula pokhota paliponse.

Tayala lakumbuyo lotambalala mopitirira limalemetsa njinga pokhota popanda kuwonjezera kanthu pa msewu wowongoka. Ena ku America amafika poika tayala la galimoto kumbuyo poti limakhalitsa, kuiwala kuti ndi lafulati ndipo silinapangidwire kupendekeka. Njinga ikayamba kugwedeza mahandulo pa liwiro, musathamangire kugula chipangizo. Yambani mwaona mpweya wa m'matayala, kutha kwake, mabering'i a pakhosi pa mahandulo, ndi katundu amene mwamusanjikiza m'mwamba kumbuyo kwa tayala.

Mabuleki nawo amatsata lamulo lija la mphepo: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Cruiser zambiri zapakatikati zili ndi disiki imodzi kutsogolo, ndipo V Star 650, Boulevard C50 ndi Shadow 750 zakale zili ndi diramu kumbuyo. Mapadi abwino ndi mafuta a mabuleki atsopano ndi ndalama yochepa. ABS, imene imaletsa tayala kuuma mukagwira buleki mwamantha, mayiko a European Union anayamba kuikakamiza pa njinga zatsopano zopitirira 125cc mu 2016. Imeneyi siiikidwa mosavuta pa njinga imene inabadwa yopanda, choncho ndi nkhani ya tsiku logula.

Komabe, kodi palibe nthawi imene injini imakhala yochepadi?

Ilipo, ndipo apa otsutsa ali ndi mfundo. Kusunga liwiro ndi chinthu china, kupitirira thiraki yaitali pa chitunda mphepo ikuchokera kutsogolo ndi chinthu chinanso. Royal Enfield Meteor 350 ili ndi mahosipawa pafupifupi 20, amene ndi ofanana ndi amene mphepo imafuna pa makilomita 120, choncho ikafika pamenepo yatha, ilibe chotsala. Pa misewu ya ku America imene malire ake amafika mamailosi 70 kapena 80 pa ola, kapena pa msewu wa N1 wa ku South Africa, njinga yotere imakhala ikupitiriridwa ndi magalimoto, ndipo palibe galasi kapena sipuloketi imene ingaipatse zimene ilibe. Koma ekizozi nayonso singaipatse. Kuwonjezera 10 peresenti pa mahosipawa 20 ndi mahosipawa awiri, ndipo malinga ndi lamulo la mphepo awiriwo amabweretsa makilomita atatu kapena anayi okha pa ola. Mankhwala a njinga yochepadi ndi njinga ina. Super Meteor 650 ya kampani yomweyo ili ndi mahosipawa 47 ndi magiya asanu ndi limodzi. Honda Rebel 1100 ya mu 2021 inatenga injini ya njinga ya Africa Twin ndipo imabwera ndi chipangizo chosunga liwiro chokha, dzanja lamanja n'kupumako.

Enanso anena kuti cruiser amaigula ndi mtima, kuti galasi limaiipitsa ndipo kulira kwake ndiko kukoma kwake. Sindikutsutsa, munthu ali ndi ufulu wokongoletsa chake. Angovomera kuti ndalamayo wagulira maso ndi makutu, asamati wagulira ulendo. Ndiponso magalasi ambiri masiku ano amachotsedwa ndi manja m'kanthawi kochepa, moti njinga imatha kukhala yokongola Lachisanu m'tauni n'kuvala galasi Loweruka m'mawa.

Kwa amene njinga yake ili ndi mahosipawa 45 kapena kuposa, ndondomeko yanga ndi iyi: matayala ndi mabuleki zikhale bwino, kenako galasi ndi timapulagi ta m'makutu, chishalo ndi zopondera, masipuling'i, dzino limodzi pa sipuloketi ngati pali tcheni, injini pamapeto. Musanagule chilichonse lembani mitengo yonse papepala, muiphatikize, muwonjezerepo ndalama imene mungapeze mutagulitsa njinga yanu lero. Nambalayo ikafika pa mtengo wa njinga imene inatuluka kufakitale ili ndi magiya asanu ndi limodzi, thanki yaikulu ndi ABS, gulitsani yanuyo musanaimasule bawuti ndi imodzi yomwe, chifukwa zipangizo zowonjezera sizibweza ndalama zake pa tsiku logulitsa.